Kamisolo wa Achemwali

Uthenga unalowa Lachiwiri m'mawa, Mzime ali pagalasi kulimbana ndi phini. Anauwerenga phiniyo ataigwira ndi milomo.

"Ndalankhula nawo mayi. Akuti sunawasangalatse."

Wolemba anali Wamagetsi. Mzime anamulemba choncho m'foni tsiku limene mnyamatayo anabwera kudzakonza soketi ya kuchipinda, ndipo miyezi isanu ndi iwiri ya chibwenzi sinasinthe dzinalo.

"Ndalakwa chiyani?"

"Akuti unapinda manja pachifuwa kuyambira pofika mpaka potsazika. Umangousa moyo ngati akukuchedwetsa. Supuni itagwa pafupi ndi phazi lako sunatole, anatola okha."

"China?"

"Akuti mtsikana wotere ndi wonyada, apo ayi pali chimene akubisa m'kati mwa bulauzi. Wandimva."

Anamumva bwino lomwe. Mimba! Iye amene ngakhale kugwirana manja pamsewu ankayamba wayang'ana uku ndi uku. Zoona zake zinali zazing'ono, koma zochititsa manyazi kuposa kunyada. Tsiku limene ankapita kukaonekera kwa mayiwo, phini yogwira chingwe cha kamisolo inatseguka ali m'basi, n'kuyamba kumubaya paphewa. Lamba wa kumsana anakwera mpaka pafupi ndi khosi, waya wa kutsogolo n'kudzakhala pamwamba pa bere. Akanati awerame kutola supuni ija, katundu yense akanakhuthukira pamaso pa apongozi. Nanga nkhani yotere munthu ungaiyambire pati kwa mwamuna?

Foni inanjenjemeranso.

"Ndawachonderera. Akuti ubwerenso Lamlungu masana. Akapanda kukhutira, ndisadzakutchulenso m'nyumba mwawo. Mayi anga sindingawasiye, iwenso sindikufuna kukutaya."

Mzime anakhala pabedi. Mnyamatayu ankamukonda mosabisa, ndipo anachita mantha.

*

Kukhala wotsiriza kubadwa ndi kudya makombo moyo wonse. Yunifolomu ya sukulu, nsapato, chikwama, ambulera, zonse zinkamupeza Mzime zitayamba zatumikira achemwali ake, amene ankamuposa ndi zaka zinayi. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, achemwaliwo anamuponyera kamisolo n'kunena mawu amodzi okha: "Vala." Pakansalu ka kumbuyo panalembedwa 36B. Kuyambira tsiku limenelo Mzime ankayesa kuti imeneyo ndi nambala ya banja lawo, ngati nambala ya nyumba.

Madzulo a tsikulo anawapeza achemwali atakhala pabedi lawo la kuzenera, akupaka zikhadabo za kumapazi. Anawafotokozera zonse, za phini ndi za supuni. Achemwali anaseka mpaka kabotolo kanatsala pang'ono kugwa.

"Ndiye mayi ake angobweza moto chifukwa cha phini?"

"Musaseke, achemwali. Lamlungu ndi mwayi wotsiriza."

"Ine ndikuuze zoona, mng'ono wanga. Mayi akakukana ulendo woyamba, wachiwiri ndi wongotaya nthawi. Amuna ndi ambiri, musiye."

"Inu simumva kuwawa m'mapewa?"

"Kuwawa kwa chiyani? Kamisolo ndi kamisolo."

Mzime anawayang'anitsitsa. Zinali zoona, achemwali ankayenda chowongoka, osakoka chingwe, osadzikanda, osathamangira kuvula akangolowa pakhomo. Zinatheka bwanji kuti chovala chimodzimodzi chikhale mtendere kwa wina, kwa wina ndende? Funso limeneli linali lisanamubwererepo m'mutu zaka khumi zonsezi.

"Pali kasitolo kaja pakati pa wometa ndi wodula makiyi," anatero. "Kolembedwa kuti sitigulitsa tisanayeze. Ndikufuna ndikaoneko."

Kaburashi kanaima m'malere.

"Kwa Mayi Tepi? Usapiteko."

"Mumawadziwa?"

"Ndimangomva. Akuti ndi amwano, amavula anthu ngati kuchipatala. Ndikupatsa wanga wapinki uja, akadali bwino."

Foni ya achemwali inawala pabulangeti. Anaitembenuza chafufumimba osaiwerenga, n'kupitiriza kupaka chala chimene anali atapaka kale. Koma munthu ukamuletsa chitseko ndi pamene amafuna kusuzumira.

*

Anapitako Lachinayi ataweruka. Kasitoloko kanali kopapatiza, kokhala ndi benchi imodzi, mashelefu mpaka kudenga, ndi katani wobiriwira kumapeto. Mayi Tepi anali aafupi, magalasi ali pachingwe, tepi yachikasu yoyezera ili m'khosi ngati mkanda.

"Ndikufuna 36B," anatero Mzime msangamsanga, kuti athane nazo.

"Wakuuza ndani?"

"Ndi imene ndimavala."

"Sindinafunse imene umavala, mwanawe. Wakuyeza ndani?"

"Palibe. Ndi ya achemwali anga."

"Magalasi a achemwali akonso umavala? Lowa umo, uvule bulauzi."

Kuseri kwa katani kunali galasi lalitali ndi kampando. Mayiwo anamuzungulira pang'onopang'ono, akuguguda lilime ngati makaniko amene wapeza galimoto yomangidwa ndi zingwe. Anakoka lamba wa kumsana, ndipo anatanuka mpaka chibakera chawo chonse chinalowa.

"Taona. Muno mungagone mphaka. Tatembenuka, uyang'ane pagalasi. Lamba uyu amayenera kuzungulira thupi mowongoka, kutsogolo ndi kumbuyo mzere umodzi. Wakoyu akupita kukapereka moni kukhosi."

"Ndiye n'chifukwa chake ndimamangitsa zingwe."

"Ndi pomwe umadziphera. Tagwira apa." Anatenga chala cha Mzime n'kuchiika paphewa pake, pamene panali ngalande yakuda. "Zingwe si zonyamula katundu. Wonyamula ndi lamba wa pansiyu. Zingwe ntchito yake ndi kungoongolera. Lamba akakhala wamkulu, mtolo wonse umapita m'mapewa."

Mzime anaisisita ngalandeyo modabwa. Ankaiona tsiku lililonse posamba, koma ankayesa kuti akazi onse amabadwa nayo.

Tepi inazizira pakhungu. Mayi Tepi anaizungulitsa pansi penipeni pa mabere, n'kuikoka kuti igwire.

"Tulutsa mpweya. Usakoke mimba, sindikukufunsira ukwati. Mainchesi makumi atatu ndi awiri." Anaikweza tepiyo n'kuidutsa pamene chifuwa chatukuka kwambiri, ulendo uno mosamangitsa. "Makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Kusiyana kwake?"

"Anayi."

"Werenga zilembo ndi zala."

"A, B, C... D?" Mzime anatong'ola maso. "Ine D? Mayi, D si ya anthu akuluakulu?"

"Bodza limenelo landikalambitsa. Chilembo pachokha sichinena kanthu, chimayendera nambala. Kapu ya 32D ndi ya 36B zimanyamula mofanana. Achemwali akowo ndi otambalala nthiti, iwe ndiwe wopyapyala. Munasiyana lamba basi."

"Ndiye tepi ikanena, zatha?"

"Tepi imangolozera khomo. Woweruza ndi thupi."

Anabwera ndi makamisolo atatu. Woyamba anachita makwinya pamwamba, mayiwo n'kunena kuti kapu yake ndi yakuya mosayenera thupi lake. Wachiwiri anadula bere pakati, mnofu n'kutumphukira pamwamba, ndipo anamuvulitsa asanamalize n'kukola komwe. Wachitatu anali wotuwa, wosakongola kwenikweni.

"Werama, alowe okha m'makapu. Tsopano kola pa ngowe yakumapeto, yomasuka. Watsopano amayambira pamenepo, kuti akamatanuka uzisunthira m'kati. Lowetsa dzanja, ukokere mnofu wa kukhwapa kutsogolo. Eya. Zala ziwiri zikulowa pansi pa lamba?"

"Zikulowa."

"Zitatu?"

"Zikukana."

"Kansalu ka pakatika kagona pafupa?"

"Kagona."

"Kweza manja. Dumpha."

Mzime anadumpha, akuseka ngati mwana. Palibe chinasuntha. Mayi Tepi anachotsa pensulo kukhutu n'kuigwetsa pansi.

"Tola."

Anawerama, n'kutola, n'kuweramuka. Kenako anakoka mpweya, ndipo unalowa mpaka pansi pa mimba popanda chobaya. Mtsikana wa pagalasiyo anali wamtali kuposa amene analowa, mapewa atabwerera m'mbuyo. Misozi inalengeza m'maso mosayembekezera. Zinamukhudza kuti zaka khumi zonse ankadziimba mlandu wa thupi lopotoka, pamene cholakwa chinali kansalu ka manambala.

"Lira, ambiri amalira," anatero mayiwo akupinda tepi. "Safunsa anadya phula. Wakaleyu ndimuponye m'dengu?"

"Ayi, ndimutenga. Ali ndi ntchito."

Potuluka kuseri kwa katani, maso ake anagwera pashelefu ya katundu wodikira eni ake. Pakati pa mapepala okulungidwa bwino panali kabokosi ka mababu a magetsi, komatidwa mopingasa ndi selotepi yabuluu yokulungira mawaya. Anakazindikira pomwepo. Munthu mmodzi yekha padziko ndi amene ankakulunga mphatso motero. Ndolo zake zoyamba zinabwera m'kabokosi ka mababu, wotchi ya tsiku lobadwa chimodzimodzi. Pambali pa kabokosiko Mayi Tepi anali atalemba ndi pensulo: 36B.

Mzime anatseka pakamwa kuti asaseke. Wopusa wake wokondedwa! Ndiye kuti anasuzumira pachingwe choyanikira zovala, n'kuwerenga kansalu kaja, n'kudzionetsa ukatswiri. Anatsimikiza zokhala chete kuti asamuonongere chinsinsi, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ankamwetulira yekha.

*

Lamlungu Wamagetsi anamudikirira pamalo otsikira basi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atakwinya nkhope.

"Wasintha chiyani? Tsitsi?"

"Ayi."

"Nsapato zazitali?"

"Ndi zomwe zija."

"Ndiye watalika bwanji masiku asanu?"

"Amagetsi, zina si za mawaya," anatero Mzime, n'kutsogola.

Mayi ake a mnyamatayo anali namwino wopuma pantchito, ndipo maso awo anali asanapume. Anamulandira ndi moni wouma, n'kumukhazika pampando womwe uja, moyang'anana ndi zenera. Tiyi anabwera. Sipanapite mphindi zitatu, supuni inagwa pafupi ndi phazi la Mzime. Inagwa mwadala, aliyense anaona chigongono chikuikankha.

Mzime anawerama, n'kuitola, n'kupita nayo kukhitchini kukaitsuka. Atabwerera anaiika m'mbale yawo ndi manja awiri.

"Iwe," mayiwo anauza mwana wawo osamuyang'ana, "mkaka watha. Usathamange."

Chitseko chitatsekeka, anavula magalasi.

"Ine ndagwira ntchito ndi atsikana zaka makumi atatu. Sindikonda kuzungulira. Sabata yatha umabisa chiyani?"

Mzime anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anathawa. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kamisolo wakale uja, wotuwa ndi ukalamba, waya atasuzumira pakona, phini ikulendewera pachingwe. Anamuyala patebulo pakati pa makapu.

"Ndimabisa uyu, mayi. Phini inatseguka m'basi. Ndikanawerama, mukanaona zimene mlendo saonetsa tsiku loyamba."

Mayiwo anaitenga phiniyo, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana Mzime. Kenako phwete linawaphulika, kuseka kochokera m'mimba, mpaka anagwira tebulo.

"Ine usiku wonse kuwerenga miyezi pa zala! Kani ndi phini!"

Atapukuta misozi, anachita chinthu chimene Mzime sankachiyembekezera. Anakokera pambali khosi la diresi lawo n'kuonetsa phewa. Panali ngalande yakuya kuposa yake, yakale, yonyezimira.

"Zaka zonse za yunifolomu. Ndinkati ndi mtanda wa ife akazi. Ukuti zimatheka osamva kuwawa?"

"Zimatheka, mayi. Wonyamula ndi lamba, osati zingwe. Muli ndi tepi yosokera?"

Wamagetsi atabwera ndi mkaka anapeza chitseko cha kuchipinda chotseka, m'kati mukumveka kuseka ndi mawu a bwenzi lake akulamula mayi ake kuti atulutse mpweya.

"Kwagwanji?" anafunsa akugogoda.

"Usalowe! Kaphike tiyi wina!" anakuwa onse awiri.

Potsazikana, mayiwo anamuperekeza mpaka pageti atamugwira dzanja, ndipo anamutcha mwana wanga kawiri. Mzime ankamva ngati akuyenda pamwamba pa udzu osauponda.

"Ndinakulakwira," anatero mayiwo. "Koma nanenso ndinachita kuuzidwa kuti ndikuyang'anitsitse. Achemwali ako aja anati masiku ano sakukumvetsa."

"Achemwali anga? Mumawadziwa?"

"Iii, kalekale. Abwera pano kangapo. Mwana waulemu, woyenda chowongoka."

Mzime anatembenukira kwa Wamagetsi. Mnyamatayo anali atawerama, akumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke.

*

Usiku umenewo anadziuza kuti achemwali anangopita kukamukonzera njira, monga amachitira akulu. Lolemba ataweruka anathamangira kwa Mayi Tepi. Ankafuna kuti mphatso ija isinthidwe mwakachetechete, kuti Wamagetsi akadzamupatsa idzamukwane, mnyamatayo asadzachite manyazi.

"Wabweranso? Akukubaya?"

"Ayi, mayi, ndikumuiwala n'kumuiwala kuti ndavala. Ndabwerera kabokosi ka mababu kaja. Mnyamata amene anakasiya ndi bwenzi langa. Analakwitsa nambala, anawerenga pa wakale uja. Mungoikamo 32D."

Mayi Tepi anatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno.

"Za makasitomala anga sindinena. Koma tatuluka panja uwerenge chikwangwani."

"Ndikuchidziwa. Sitigulitsa tisanayeze."

"Ndiye ukundiyesa wotani? Zaka makumi awiri sindinagulitsepo kwa mwamuna wobwera ndi nambala m'thumba. Ena amabwera atakunga manja chonchi, ati ndi aakulu chonchi, ndimawathamangitsa. Mwini wa kabokosi kaja ndinamuyeza ndekha, kuseri kwa katani komweko. 36B yeniyeni, yosakayikitsa. Mtundu umene anasankha unali utatha, n'chifukwa chake kanadikira."

Mzime anayang'ana katani wobiriwira uja.

"Mnyamatayo analipo?"

"Anakhala pabenchi apo, atanyamula chikwama cha mkaziyo pamiyendo. Anasiya yekha kabokosi ndi selotepi kuti ndidzakulungiremo. Wandiyankhulitsa zambiri." Mayiwo anatembenuka kukonza shelefu, akung'ung'udza. "Ndinamukalipiranso mkaziyo. Akuti akale amapatsa mng'ono wake, ndiye ndinati mwana wa eni mukumupha mape..."

Dzanja lawo linaima pashelefu. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana phewa la Mzime, kenako nkhope yake.

Pamalo pamene panali kabokosi panali mpata.

"Katengedwa m'mawa uno," anatero motsitsa mawu. "Khala pansi kaye, mwanawe."

Mzime sanakhale.

*

Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika kunyumba. Achemwali anali kusita, akuimba chapansipansi. Pabedi la kuzenera panali kabokosi ka mababu kotsegula, selotepi yabuluu itadulidwa bwinobwino ndi lumo. Sanavutike n'kukabisa komwe.

"Wafika? Tenga wapinki uja pampandopo. Ine sindikumufunanso."

Mzime anayang'ana kamisolo wapinkiyo, wotanuka lamba, wotha mphamvu. Anakwiya, koma chimene chinamukulira chinali kufuna kudziwa, ngakhale yankho likanamupweteka.

"Zanu sizindikwana, achemwali. Sizinandikwanepo." Analoza kabokosiko. "Wakugulirani ndani?"

Achemwali anaimika simbi, n'kuzula pulagi pa soketi yomwe ija. Anamuyang'ana mng'ono wawo mosathamanga, ngati akumuona koyamba ataimirira chowongoka.

"Soketi iyi itapsa, unaitana wokonza ndiwe?"

"Munaitana ndinu."

"Miyezi isanu ndi iwiri yonseyi, sunadzifunsepo kuti nambala yake ndinali nayo bwanji?" Anapinda bulauzi n'kuiika pabedi. "Chilichonse uli nacho chinayamba chakhala changa, Mzime. Kusiyana kwake, ichi sindinakupatse. Ndinangokubwereka."

M'chikwama cha Mzime foni inayamba kulira. Anaitulutsa. Pagalasi la foni panalembedwa kuti Wamagetsi, ndipo achemwali anatambasula dzanja.

"Uyankha ndiwe, kapena ndiyankhe ine?"